Kuwongola denti pakhomo osawononga penti

Galimoto yoyenda m'matauni mwathu siikhalitsa isanapeze denti. Wina amatsegula chitseko chake mwamphamvu pamalo oimikapo galimoto, n'kumenya yanu. Wakabaza amadutsa pothinana, chogwirira cha njinga n'kusiya kadzenje pachitseko. Mango amagwera paboneti mu Disembala, matalala amabwera ndi mvula yoyamba, ana amasewera mpira pabwalo. Galimoto ikuyenda bwinobwino ndipo zitseko zikutsekeka, koma diso la mwini wake limathamangira pomwepo m'mawa uliwonse. Ndiye amayamba kudzifunsa ngati kamalo kochepa chonchi n'koyeneradi kukasiyira galimoto kugalaja masiku angapo.

Nthawi zina sikofunika. Alipo madenti amene munthu wodekha angathe kuwachepetsa kapena kuwachotseratu ali pakhomo, ndi zipangizo zosavuta kupeza. Aliponso ena ooneka aang'ono koma oti ukawakhudza umangokulitsa vuto, moti wowongola galimoto amadzakulipiritsa ziwiri, denti ija ndi zimene wawononga poyesa. Ntchito yaikulu yagona pa kusiyanitsa mitundu iwiriyi. Kuti munthu aisiyanitse, ayenera kudziwa kaye chimene chimachitika lata likamenyedwa.

Lata limene amapangira zitseko, boneti, denga ndi m'mbali mwa galimoto zamakono n'lopyapyala kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Toyota Vitz, Passo, Sienta, Probox, Nissan Note ndi Honda Fit, lata lakunja nthawi zambiri silikwana milimita imodzi. Limakhala cha pakati pa 0.6 ndi 0.8. Kufakitale limalowa lili lathyathyathya m'makina olemera kwambiri amene amalidinda kuti likhale chitseko kapena boneti. Mphamvu yake yambiri imachokera pa kaumbidwe kameneka. Lata lokhota pang'ono limalimba kuposa lathyathyathya, ndipo mizere imene imadutsa m'mbali mwa galimoto sinaikidwe pongokongoletsa, imalimbitsanso.

Amene anatungapo madzi m'ndowa ya lata azimva msanga zimenezi. Mukaikankha ndi bondo pang'ono, mbali yake imalowa mkati, mukachotsa bondo imabwerera yokha ndi kaphokoso. Ikagwera pamwala, pamatsala polowa mkati posabwereranso. Okhoma ndowa amaika mizere yozungulira kuti ndowa isamapindike wamba, koma ikapindikira pamzere pomwepo ndiye kuwongola kumavuta kwambiri. Chitseko cha galimoto chimachita chimodzimodzi. Chikakankhidwa pang'ono chimabwerera chokha. Chikakankhidwa kupitirira malire ake chimapindika n'kukhala momwemo. Chikamenyedwa ndi chinthu chosongoka, chitsulo cha pamalopo chimatamuka, ndipo pamenepo nkhani imasintha.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiona. Chitsulo chikakankhidwira mkati, china chimatukuka m'mphepete mwa dentiyo, kawirikawiri cha pamwamba pake kapena kumbali imene chomenyacho chinalowera. Pamakhala kamtumbira kochepa kovuta kukaona ndi maso, koma mukayendetsa dzanja lotambasula pang'onopang'ono mumakamva. Kamtumbira kameneka ndi kamene kamagwira dentiyo kuti isabwerere. Pa denti yaikulu koma yosazama, gawo lalikulu la lata limakhala silinapindike kwenikweni, langogwidwa ndi malo ochepa otukukawo. N'chifukwa chake denti yaikulu ngati mbale nthawi zina imatuluka mosavuta kuposa kadenti kofanana ndi nsonga ya chala.

Kutamuka ndiye vuto limene silitha pakhomo. Lata likatamuka limakhala lachuluka kuposa malo ake, ndipo ngakhale mulikankhire kunja lilibe pokhala. Limangodumphira kunja n'kukhala chotupa, mukalikhudza limadumphiranso mkati. Owongola galimoto amalikhwinyatitsa ndi moto woyeza bwino kapena ndi makina a magetsi, n'kuliziziritsa msanga, ndipo ntchito imeneyo imawotcha penti moti pamafunika kupentanso. Chizindikiro cha lata lotamuka ndi denti yakuya yokhala ndi nsonga pakati, kapena yokhala ndi mzere wakuthwa ngati pepala lopindidwa. Mukaona zimenezi, musayembekezere kuti pabwerera mwakale ndi manja anu.

Tsono tibwere pa penti, chifukwa ndi amene tikumuteteza pa ntchito yonseyi. Kufakitale, thupi lonse la galimoto limamizidwa m'mankhwala oteteza ku dzimbiri, ndipo amagwiritsa ntchito magetsi kuti mankhwalawo amatirire paliponse, ngakhale m'makona obisika. Pamwamba pake pamabwera penti woyamba, kenako wa mtundu, pomaliza woonekera mkati amene amapangitsa galimoto kuwala. Onsewa akaphatikizana amangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Amawaumitsa mu uvuni wotentha madigiri 140 kapena kuposa, galimoto isanaikidwe mipando, magalasi ndi mawaya. Galaja singachite zimenezo, chifukwa mapulasitiki ndi mawaya angawonongeke. Penti wa kufakitale akachoka, sabweranso wofanana naye.

Ubwino wake, penti ameneyu amatha kupindika limodzi ndi lata osang'ambika, bola musamupinde mwadzidzidzi kapena ali wozizira kwambiri. Penti wopakidwa kachiwiri sakhala choncho nthawi zonse. Amatha kusweka kapena kumatuka, makamaka ngati pansi pake anamatapo fila, phala lija limene amamata palata posalaza madenti. Popeza galimoto zathu zambiri tinagula zitayenda kale, ndi bwino kufufuza. Tengani maginito ochepa mphamvu, ngati aja omata pafiriji, muwakulunge m'kansalu kopyapyala, n'kuwayendetsa pachitseko. Akamagwira bwino malo ena koma n'kumafooka pamalo amodzi, pamenepo pali fila. Akakana kugwira chitseko kapena boneti yonse, ndiye kuti si chitsulo. Mwina ndi aluminiyamu, monga mmene zilili ndi thupi la Land Rover zakale ndi maboneti a galimoto zina zamakono. Aluminiyamu sabwerera msanga ngati chitsulo ndipo amang'ambika akapindidwa mobwerezabwereza, choncho ndi wofunika kumusiyira odziwa.

Musanagwire chipangizo chilichonse, tsukani malowo ndi sopo n'kupukuta. Fumbi limabisa ming'alu, komanso limakanda penti mukamagwira ntchito. Kenako imikani galimoto pamthunzi, pamalo oti chinthu chokhala ndi mizere yowongoka chizionekera pachitseko ngati pagalasi. Zitsulo za pawindo la nyumba, geti, kapena katoni yoyera imene mwajambulapo mizere yakuda zonse zimathandiza. Imani chapambali, osati moyang'anizana ndi dentiyo. Pamene lata lili bwino mizere ija imaoneka yowongoka. Polowa mkati imatalikirana, potukuka imathinana. Akatswiri a ntchitoyi sayang'ana dentiyo, amayang'ana mizereyi, ndipo amadziwa kuti amaliza mizere ikawongoka. Popanda kuwala kotere mumangogwira ntchito mongoganizira.

Denti yoyenera kuiyesa pakhomo ndi yosazama, yosalala m'mphepete, yokhala pakati pa chitseko, boneti kapena denga, ndiponso yoti penti wake sanang'ambike. Yendetsani chikhadabo pamalopo, chikakodwa ndiye kuti penti wasweka. Denti ya m'mphepete mwa chitseko, pamene malata awiri anapindidwira pamodzi, ndi yolimba kwambiri. Ya pamzere wa thupi la galimoto imafuna luso. Ya pa nsanamira zogwira denga kapena pa chitsulo cha pansi pa zitseko isakhudzidwe n'komwe, chifukwa zimenezo ndi zimene zimateteza anthu pangozi ndipo mkati mwake muli chitsulo cholimba mwapadera. Ngati chitseko chayamba kukhula potseka, kapena mpata wa pakati pa boneti ndi fenda wasintha, dziwani kuti kumenyako kunafika mkati.

Chinanso chofunika kuchiganizira msanga ndi inshulansi. Ngati denti yabwera chifukwa wina wakugundani, jambulani zithunzi ndipo musakonze kanthu mpaka nkhani itatha, kaya ndi kupolisi kaya ndi kukampani ya inshulansi. Woyesa kuwonongeka amafuna kuona mmene zinalili. Inshulansi imene lamulo limakakamiza aliyense kukhala nayo imalipira anthu ena amene mwawawonongera, osati galimoto yanu. Yokwanira zonse imalipira yanunso, koma nthawi zambiri pamakhala ndalama ina imene mumayamba mwalipira nokha, ndipo pa denti yaing'ono ndalamayo ikhoza kufanana ndi mtengo wokonzera. Galimoto ya kuntchito kapena yobwereka ndiye musaiyese n'komwe musanauze eni ake.

Poyambira posavuta ndi pabampala. Mabampala a galimoto zamakono ndi apulasitiki wa mtundu umene umafewa ukatenthedwa n'kuumanso ukazizira. Kona ya bampala ikalowa mkati chifukwa mwagunda chitsa pobwerera m'mbuyo, wiritsani madzi okwanira n'kuwathira pang'onopang'ono pamalo olowawo ndi m'mphepete mwake. Madzi owira sapitirira madigiri 100, pamene pulasitiki wa mabampala amasungunuka cha pa madigiri 160, choncho madziwo amafewetsa osasungunula. Bampala ikafewa, pisani dzanja kuseri kwake, kudzera pansi kapena pafupi ndi tayala, n'kukankha ndi chikhatho kapena ndi mtengo wobulungira kunsonga. Ikatuluka igwireni momwemo, mnzanu athirepo madzi ozizira kuti iume ili pamalo ake.

Njira imeneyi imagwiradi ntchito, koma madzi owira si oseweretsa. Valani magolovesi okhuthala ndi nsapato zotseka, ndipo musaike dzanja kuseri wina akuthira. Ana akhale patali. Onaninso ngati pamalopo pali nyali, mawaya kapena masensa aja amalira mukayandikira khoma, ndipo madzi asalunjike pa zimenezo. Pulasitiki amazizira msanga, ndiye mungafunike kuthira kawiri kapena katatu. Kawirikawiri pamatsala kamzere pamene panapindikira, ndipo ngati penti anali atayamba kale kusweka, ming'aluyo imaonekera kwambiri bampala ikabwerera. Bampala yong'ambika ndi nkhani ina, imafuna kuwotcherera.

Pa lata, chinthu choyamba kuyesa ndi chimene sichingawononge kanthu. Chotsegulira sinki chija cha labala, chokhala ndi mpini wa mtengo, chimatha kukoka denti yaikulu yosazama. Chikhale choyera, chopanda mchenga. Nyowetsani labalayo ndi chitsekocho, kanikizani pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke, kenako kokani molunjika. Musakanikize mwamphamvu, mungakulitse dentiyo. Ngati lata linangogwidwa, mumva likudumphira kunja. Mukayesa kangapo osasintha, lekani, chifukwa mphamvu ya chipangizochi ndi yochepa ndipo pa kadenti kakang'ono sichichita kanthu. Ngakhale denti itatuluka, yang'ananinso mizere ija. Nthawi zambiri pamatsala kadzenje pamene chomenyacho chinafikira.

Njira yeniyeni imene akatswiri amadalira ndi kukankha kuchokera kuseri. Vuto lake ndi kufikako. Boneti ndi chitseko cha buti mumangotsegula n'kuchotsa chofunda cha mkati, ngakhale kuti malo ena amatsekedwa ndi zitsulo zolimbitsa. Fenda mumaifikira pochotsa pulasitiki wa pamwamba pa tayala. Mbali ya kumbuyo mumaifikira kudzera m'buti kapena pochotsa nyali. Chitseko chimafuna kuchotsa chikuto cha mkati, chimene chimagwidwa ndi masikuluu ochepa obisika pachogwirira ndi makilipi apulasitiki. Makilipi a galimoto yakale amathyoka msanga, ndiye kanganulani modekha. Kuseri kwa chikutocho mupeza pepala lapulasitiki lomatidwa. Musalitaye, ndi limene limaletsa madzi a mvula kulowa m'galimoto.

Mkati mwa chitseko muli galasi, mawaya, makina okwezera windo ndi chitsulo chopingasa choteteza pangozi. Galimoto zina zili ndi masensa a airbag m'zitseko, ndipo zina zili ndi ma airbag obisika m'mphepete mwa denga. Ngati yanu ili choncho, chotsani waya wa negetivu pabatire n'kudikira mphindi zingapo musanayambe, ndipo mawaya achikasu musawakoke. Komatu dziwani kuti mawailesi ambiri obwera ndi galimoto za ku Japan amadzitseka batire likachotsedwa, n'kumafuna nambala yachinsinsi kapena khadi lake, choncho fufuzani kaye. Pa galimoto za hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius, mawaya a mtundu wa olenji amanyamula magetsi oti angaphe munthu. Kumene kwadutsa amenewo musapiseko dzanja kapena chitsulo.

Mukafika kuseri, yambani ndi chikhatho kapena chala chachikulu. Zikakanika, tengani ndodo yolimba yobulungira kunsonga, muikulunge ndi tepi kapena nsalu kuti isakande. Maso anu akhale kunja pa mizere ija, dzanja lili mkati. Choyamba pezani pamene nsonga ya ndodo ili: kankhani pang'ono kwambiri, muona kamalo kakusuntha pachitseko. Musakankhe musanadziwe pamene muli. Pa denti yaikulu, yambirani m'mphepete mosazama n'kumazungulira kulowera pakati, chifukwa malo amene anapindika pomaliza ndi amene amayamba kumasuka. Pa kadenti kozungulira, kankhani pakati penipeni pang'ono, kenako mozungulira pafupi pake. Kukankha kulikonse kukhale kochepa moti simukuona kusintha mpaka mutabwereza kambirimbiri.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaona kuti zikuchedwa, amakankha kamodzi mwamphamvu, ndipo kunja kumatuluka kachiphuphu. Akachita zimenezo kakhumi, chitseko chimadzaza tiziphuphu toonekera kwambiri kuposa denti ija, mwinanso penti amasweka pansonga pake. Malo otukuka amabwezedwa pogogoda kunja, koma osati ndi hamala mwachindunji. Mumaika kamtengo kapena kapulasitiki kosalala kunsonga pamalopo, n'kumagogoda kumbuyo kwake mopepuka, ndi mphamvu ya m'zala osati ya mkono. Kamtumbira ka m'mphepete kaja kamatsitsidwanso chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri mukakatsitsa mumaona pakati pa denti pakukwera pokha. Ntchito yonse ndi yosinthanasinthana, kukankha pang'ono kuseri, kugogoda pang'ono kunja, kuyang'ana mizere. Kadenti kamodzi kangathe kudya ola lathunthu kapena kuposa kwa munthu wongoyamba.

Nanga pamene kuseri sikufikika? Apo pamagwira ntchito guluu wotentha, uja amatuluka m'kamfuti ka magetsi. M'masitolo ena a zipangizo za galimoto ndi pa intaneti amagulitsa timapulasitiki tomata pa denti pamodzi ndi chokokera chake. Amene alibe angathe kudula kachidutswa ka mpini wa tsache, n'kusalaza mbali imodzi ndi kubaya msomali chopingasa kuti pakhale pogwira. Pukutani malowo ndi sipiriti kuti mafuta ndi polishi zichoke. Ikani guluu pa kachidutswako, kamateni pakati pa denti osakanikiza kwambiri, dikirani mphindi zingapo kuti guluu aume, kenako kokani molunjika. Guluu amamatuka, koma asanamatuke amakhala atakweza lata pang'ono. Mumabwereza mpaka pafike pamene mukufuna.

Kachidutswa komatako kakhale kocheperapo kuposa dentiyo, apo ayi kakoka ndi malo abwino omwe. Guluu wotsalira amachoka mukadonthezera sipiriti m'mphepete mwake n'kumukanganula ndi chala kapena khadi lapulasitiki. Mpeni ndi lezala zisayandikire. Padzuwa la mu Okutobala lata limatentha moti guluu sauma, pamene m'mawa wozizira wa mu Juni amauma msanga n'kumatuka asanakoke kanthu, ndiye sankhani mthunzi pa tsiku lofunda bwino. Guluu wa supa ndi uja wosakaniza machubu awiri musawagwiritse ntchito, sachoka popanda kutenga penti. Ndipo pamalo amene anapentedwapo kachiwiri, ngakhale guluu wotenthayu angathe kuzula penti. Apa ndi pamene kuyesa ndi maginito kuja kumakupulumutsani.

Pa intaneti pali mavidiyo ambiri oonetsa munthu akutenthetsa chitseko ndi choumitsira tsitsi, kenako n'kupoperapo mpweya wozizira kwambiri, denti n'kutuluka yokha. Zimatheka pa pulasitiki, ndiponso pa denti imene ikanatuluka ngakhale ndi chikhatho. Pa lata lopindikadi, kutentha kumene penti angapirire n'kochepa kwambiri moti sikungasinthe chitsulo. Kufunditsa malowo pang'ono kumathandiza chinthu chimodzi chokha, penti amafewa ndipo sasweka msanga mukamakankha. Muyezo wake ndi woti dzanja lizitha kugwirapo. Moto wa gasi, makala kapena nyuzipepala yoyaka zimatupitsa penti ndipo zingayatse zofunda za mkati mwa chitseko. Ena amalowetsa mpira wophwa kuseri n'kuupopa. Zimathandiza pa malo otakasuka, koma mpirawo umakankha mbali zonse, ndipo m'chitseko ungapinde njanji ya galasi.

Njira yakale yoboola lata n'kulowetsa sikuluu kuti mukokere ndiyo yoipa kuposa zonse. Bowo lililonse limatukula chitsulo mozungulira, limadula chitetezo cha kufakitale kunja ndi mkati, ndipo limafuna fila ndi penti. Fila amamwa chinyezi kudzera kuseri kwa bowolo. Pakatha nyengo ya mvula imodzi kapena ziwiri, penti amayamba kutupa, ndipo pansi pake mumapeza dzimbiri. Kumenya ndi hamala kuseri popanda chitsulo chotchinjiriza kunja nako kumatamula lata, n'kusandutsa denti yoti ikanatheka kukhala yosatheka.

Mukamaliza, onani ngati ndodo yanu yakanda kuseri kwa lata. Ngati yakanda, pakanipo penti woteteza ku dzimbiri kapena girisi pang'ono musanatseke. Onetsetsani kuti timabowo ta pansi pa chitseko totulutsira madzi sitinatsekeke. Kunja, ngati pali kamalo kamene penti anachoka mpaka chitsulo kuonekera, musakasiye kuti kadikire. Tsukani, umitsani, pakani penti woyamba pang'ono, kenako wa mtundu ndi kaburashi kakang'ono kapena nsonga ya machesi. Nambala ya mtundu wa galimoto yanu imalembedwa pa kachikwangwani kamene kali pa nsanamira ya chitseko kapena pansi pa boneti. Pa Toyota, mwachitsanzo, 040 ndi yoyera, 202 ndi yakuda, ndipo 070 ndi yoyera yonyezimira. Osakaniza penti amagwiritsa ntchito nambala imeneyi. Mitundu yonyezimira ndi yasiliva imavuta kufananitsa, chimene ndi chifukwa chinanso chosungira penti woyambirira.

Kuwongola popanda kupenta ndi ntchito imene anthu amaiphunzira kwa miyezi yambiri, ndipo imakula kwambiri kumadera kumene matalala amagwa kawirikawiri, monga ku Johannesburg ndi Pretoria. Akatswiri ake amakhala ndi ndodo zachitsulo zosiyanasiyana kutalika ndi kukhota kwake, komanso nyali za mizere. Munthu wa pakhomo sangafanane nawo pa tsiku loyamba. Amene akufunadi kuphunzira angachite bwino kugula chitseko kapena fenda yakale kwa ogulitsa zotsalira za galimoto, n'kuipanga madenti dala kuti aziyeserapo. Maso amene amaphunzira kuwerenga mizere pa lata amadzathandizanso pogula galimoto, chifukwa amaona msanga pamene panamatidwa fila ngakhale wogulitsa atapukuta bwanji.

Maganizo anga ndi oti munthu wa pakhomo aziyesa zinthu zitatu zokha popanda mantha: madzi otentha pabampala, chotsegulira sinki pa denti yaikulu yosazama, ndi chikhatho kuseri kwa lata pamene pakufikika mosavuta. Guluu ndi ndodo zibwere pambuyo poyeserera pa chitsulo chotayidwa. Ndipo denti ikachepa n'kutsala pang'ono, ndi bwino kulekera pomwepo. Gawo lomalizalo ndi limene limafuna luso lalikulu, ndiponso ndi pamene tiziphuphu ndi ming'alu zimabadwira. Denti yosazama yokhala ndi penti wathunthu siichita dzimbiri, siichepetsa chitetezo, ndipo siiwonjezera mafuta amene galimoto imamwa. Pa galimoto ya ntchito ngati Probox yonyamula katundu tsiku lililonse, ine ndingaisiye n'kuika ndalamazo pa matayala kapena mabuleki.

Zikafika poti mupite ndi galimoto kwa owongola, pitani ndi mafunso. Afunseni ngati akankha kuchokera kuseri kapena angomata fila, ndiponso ngati zingatheke osapenta. Fila alibe vuto akakhala wopyapyala, wongosalaza zotsala lata litawongoledwa kale. Vuto limabwera akamudzaza m'dzenje lonse pofuna kufulumira, chifukwa wokhuthala amasweka ndi mabampu a m'misewu yathu ndipo tsiku lina amagwa yense. Mmisiri wabwino sakana kukuonetsani lata atawongola asanamate kanthu. Gwirizanani kuti mudzabwera kudzaona pa nthawi imeneyo, ndipo ndalama yomaliza mudzapereke mutaona penti padzuwa, osati mkati mwa galaja.